Faiba Akachuluka M'chakudya: Zimene Zimachitika M'mimba, ndi Anthu Amene Ayenera Kusamala

Uphungu wakuti tizidya chakudya chokhala ndi faiba wambiri wafika paliponse m'chigawo chathu cha Tete. Umamveka pa wailesi, anamwino amaupereka kwa odwala matenda a shuga ndi a kuthamanga kwa magazi, ndipo umayenda m'mafoni pa WhatsApp ndi pa Facebook, nthawi zina pamodzi ndi malonda a ufa wa m'mabotolo umene amati umatsuka m'mimba. Maziko a uphunguwu ndi oona, ndipo palibe amene ayenera kumaliza kuwerenga nkhani ino akuganiza kuti mgaiwa, nyemba ndi masamba ndi zakudya zoopsa. Komabe tiyenera kukumbukira kumene unachokera. Unakonzedwa poganizira anthu a m'mayiko olemera, amene amakhalira buledi woyera, nyama ndi zotsekemera, ndipo ambiri mwa iwo safika ngakhale magalamu 20 a faiba pa tsiku. Mlimi wa ku Angónia, ku Macanga kapena ku Tsangano amadya mosiyana kwambiri ndi anthu amenewo, ndipo mwana wake wa chaka chimodzi ali ndi zosowa zakezake. Kwa anthu ngati amenewa, funso lakuti kodi faiba angachuluke mpaka kuvulaza thupi liyenera kuyankhidwa mosamala.

Faiba ndi gawo la chakudya chochokera ku zomera limene timadzi togaya chakudya ta m'chifu ndi ta m'matumbo aang'ono sitingathe kuliphwanya. Amapezeka mu gaga wa chimanga ndi wa mapira, m'makoko a nyemba, khobwe, nandolo ndi nzama, m'masamba monga nkhwani, chigwada ndi bonongwe, ndiponso m'zipatso. Nyama, nsomba, mazira ndi mkaka zilibe faiba ngakhale pang'ono. Akatswiri amamugawa m'magulu awiri. Pali wosungunuka, amene akakumana ndi madzi amatupa n'kuyamba kunanda. Kuterera kwa therere kumachokera kwa iye, ndipo alipo wambiri mu ufa wa malambe ndi m'kati mwa nyemba. Ameneyu amachedwetsa chakudya kutuluka m'chifu, motero shuga salowa m'magazi mothamanga, komanso amathandiza kutsitsa mafuta oipa a m'magazi. Palinso wosasungunuka, wa mu gaga ndi m'makoko, amene amadutsa m'matumbo ali pafupifupi momwe analowera, n'kumachulukitsa chimbudzi ndi kuchifulumizitsa.

Zonsezi zikafika m'thumbo lalikulu zimapeza mabakiteriya ankhaninkhani amene amakhala mmenemo mwachibadwa. Iwo ndi amene amadya faiba, makamaka wosungunukayo, ndipo pomusasitsa amatulutsa timaasidi tina, monga butyrate, timene timadyetsa khungu la m'kati mwa thumbo ndi kuliteteza. Amatulutsanso mpweya wa hydrogen ndi carbon dioxide, ndipo mwa anthu ena wa methane. Choncho ubwino wa faiba ndi mavuto ake zimachokera pa ntchito imodzimodziyo. Kusagayika kumene kumathandiza wodwala shuga ndi komweko kumene kumadzaza mimba ya mwana asanapeze mphamvu zokwanira, ndipo kusasa kumene kumateteza thumbo ndi komweko kumene kumafufumitsa mimba.

Dokotala wa opaleshoni Denis Burkitt, amene anagwira ntchito zaka zambiri ku Uganda, ndiye anatchukitsa nkhani ya faiba kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970. Iye ndi mnzake Hugh Trowell anaona kuti anthu a m'midzi ya mu Africa, amene ankadya chakudya chosakonola, sankadwaladwala khansa ya m'thumbo lalikulu, matenda a mtima ndi shuga, pamene ku Ulaya ndi ku America matendawa anali ofala. Kafukufuku wa pambuyo pake wavomereza mbali yaikulu ya maganizo awo. Mu 2019, akatswiri a pa yunivesite ya Otago ku New Zealand anasonkhanitsa zotsatira za kafukufuku wa zaka pafupifupi 40, ndipo anapeza kuti pakati pa anthu odya faiba wambiri imfa zinali zocheperapo ndi 15 mpaka 30 pa 100 poyerekeza ndi odya wochepa. Mu 2023, bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linalangiza kuti munthu wamkulu azidya magalamu osachepera 25 pa tsiku, mwana wa zaka 2 mpaka 5 magalamu 15, ndipo wa zaka 6 mpaka 9 magalamu 21. Malire a pamwamba sanaikidwe. Nambala ya magalamu 70 imene imatchulidwa kawirikawiri pa intaneti ngati poyambira ngozi ndi chiyerekezo chabe, pakuti anthu a mtundu wa Hadza a ku Tanzania, amene amadya kwambiri mizu ndi zipatso za m'tchire, amafika pafupifupi magalamu 100 pa tsiku ndipo mimba zawo zinazolowera.

Tiyeni tiwerengere mbale ya kwathu kuno. Magalamu 100 a ufa wa mgaiwa ali ndi magalamu pafupifupi 7 a faiba. Mlimi amene amamwa phala m'mawa n'kudya nsima masana ndi madzulo akhoza kumaliza magalamu 400 a ufa, ndipo pamenepo wapeza kale magalamu 28. Kapu imodzi ya nyemba zophika imawonjezera magalamu 13 mpaka 15, mbale ya masamba imawonjezera magalamu ena anayi kapena asanu, ndipo magwafa awiri othyola pobwera kumunda enanso osachepera asanu. Munthu ameneyu wadutsa magalamu 50, kuwirikiza kawiri mlingo wa WHO, osagula kanthu kena kalikonse kapadera. Kumadera otentha a Changara ndi Cahora Bassa, kumene malambe ndi masau n'zambiri, mlingowu ungakwerenso, chifukwa pafupifupi theka la kulemera kwa ufa wa malambe ndi faiba. Koma wogwira ntchito mumzinda wa Tete kapena ku Moatize, amene amadya buledi ndi tiyi m'mawa, mpunga ndi nkhuku masana, ndi nsima ya ufa woyera madzulo, mwina safika ngakhale magalamu 15. Uphungu umodzi sungayenerere anthu awiriwa mofanana.

Mpweya, madzi ndi kudzimbidwa

Vuto lofala kwambiri, lomwenso ndi locheperapo ngozi, ndi kufufuma kwa mimba, kulira kwa m'matumbo, kupotokola ndi kutulutsa mpweya pafupipafupi. Munthu wathanzi amatulutsa mpweya maulendo 10 mpaka 20 pa tsiku, ndipo zimenezi si matenda. Zimapweteka pamene mabakiteriya alandira mwadzidzidzi chakudya chambiri chimene sanachizolowere. Munthu wa m'tauni amene wauzidwa Lolemba kuti shuga wake wakwera, n'kuyamba Lachiwiri lomwelo nsima ya mgaiwa kawiri pa tsiku, nyemba tsiku lililonse ndi supuni za malambe m'madzi, amatupa mimba chifukwa cha liwiro la kusinthako, ngakhale kuti mlingo umene wafikapo ndi womwewo umene achibale ake akumudzi amadya popanda vuto. Mabakiteriya a m'thumbo amasintha msanga ndithu. Mu 2015, gulu lotsogoleredwa ndi Stephen O'Keefe wa pa yunivesite ya Pittsburgh linasinthanitsa chakudya pakati pa anthu 20 akuda a ku America ndi anthu 20 a kumidzi ya KwaZulu-Natal ku South Africa, ndipo m'milungu iwiri yokha ntchito za mabakiteriya ndi khungu la m'kati mwa thumbo zinali zitasintha mwa magulu onse awiri. N'chifukwa chake kufufuma kwa mimba kumene kumabwera munthu akayamba kudya nyemba tsiku ndi tsiku kumachepa mwa anthu ambiri pakapita milungu ingapo. Nyemba zili ndi timashuga tina totchedwa raffinose ndi stachyose timene thupi siligaya, ndipo kuziviika usiku wonse, kutaya madzi ake n'kuziphika mpaka zifewe kumachotsako gawo la timashugati, kupatula kuti kumapulumutsa nkhuni.

Anthu ambiri amadabwa akamva kuti faiba, amene amadziwika ngati mankhwala a kudzimbidwa, angathenso kudzimbitsa. Faiba amafewetsa chimbudzi posunga madzi m'kati mwake. Thupi likakhala kuti lataya madzi ambiri, thumbo lalikulu limayamwa madzi onse amene lingathe kuchokera m'zotsalira za chakudya, ndipo chimene chimatsala ndi chimbudzi chambiri, chouma ndi cholimba, chimene chimatuluka movutikira, mwinanso kung'amba khungu la potulukira mpaka kuoneka magazi. Nkhani imeneyi ndi yaikulu kwa ife, chifukwa m'chigwa cha Zambezi kutentha kumadutsa madigiri 40 m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala, nthawi yomweyo imene zitsime zimaphwa ndipo anthu amakhala akusosa m'minda. Munthu amene walima kuyambira mbandakucha atanyamula kabotolo kamodzi ka madzi, n'kudzadya nsima yaikulu ya mgaiwa ndi mfutso madzulo, wapereka ntchito yolemetsa ku matumbo ake. Mkodzo ndiwo umauza munthu zoona pa nkhaniyi: ukakhala wochepa ndi wachikasu kwambiri, madzi akuperewera, ndipo kuwonjezera gaga pamenepo kumangokulitsa vutolo.

Palinso anthu amene matumbo awo amayenda pang'onopang'ono mwachibadwa kapena chifukwa cha matenda, ndipo kwa iwo kuchulukitsa chimbudzi sikuthandiza kuti chituluke. Mu 2012, madokotala a ku Singapore anatsatira odwala 63 amene ankadzimbidwa kwa nthawi yaitali popanda chifukwa chodziwika, ndipo ambiri mwa amene anachepetsa kapena kusiya faiba anayamba kupita kuchimbudzi mosavuta. Kafukufukuyu anali wamng'ono, ndipo sangagwetse umboni waukulu wa ubwino wa faiba, komabe amatichenjeza kuti munthu amene wawonjezera masamba ndi gaga kwa milungu ingapo, akumwa madzi okwanira, koma kudzimbidwa kukungokula, sayenera kuumirira njira yomweyo. Chimodzimodzinso amene ali ndi matenda a matumbo osachedwa kunyanyuka, amene mimba imawapweteka ndi kusinthasintha pakati pa kutsegula ndi kudzimbidwa: gaga wa tirigu nthawi zambiri amawonjezera ululu wawo, pamene faiba wosungunuka amawathandizako.

Pamene matumbo atsekeka

Izi sizichitika kawirikawiri, koma zikachitika zimapha, ndipo n'chifukwa chake ndikufuna kuzifotokoza momveka. Njira yoyamba ndi yakuti zotsalira zosagayika zimaunjikana n'kupanga chibuluma cholimba m'chifu kapena m'matumbo. Zimachitika kwambiri kwa okalamba amene mano anatha, amene amameza nkhwani za mitsitsi, timaulusi ta mango kapena zamkati mwa malalanje osatafuna bwino, ndiponso kwa amene anachitidwapo opaleshoni ya chifu. Kwa ana, chimene chimavuta ndi njere. Mwana amene wakhala tsiku lonse mumtengo wa gwafa, kapena amene wameza masau ambiri ndi njere zake zomwe, akhoza kukhala masiku angapo akulira pa chimbudzi osatulutsa kanthu, chifukwa njerezo zaumbana pafupi ndi potulukira. Makolo ambiri akudziwa zimenezi, ndipo chofunika n'chakuti asamuchokoche mwanayo ndi kamtengo kapena kumupopera madzi a sopo, koma apite naye kuchipatala, kumene angazichotse popanda kuboola thumbo. Ufa wa faiba wogula, monga wa psyllium, nawo ungatseke kummero kapena m'matumbo ngati munthu aumeza wouma kapena ndi madzi ochepa; supuni iliyonse imafuna kapu yodzaza, mamililita pafupifupi 250, ndipo munthu wovutika kumeza asaugwiritse ntchito n'komwe.

Njira yachiwiri ndi kupotana kwa thumbo. Kumapeto kwa thumbo lalikulu, cha kumanzere kwa chinena, kuli chigawo chokhota chimene madokotala amachitcha sigmoid. Chigawochi chikakhala chachitali ndiponso cholemedwa ndi chimbudzi ndi mpweya, chingathe kuzungulira pa tsinde lake, n'kutseka njira ya chimbudzi pamodzi ndi mitsempha yobweretsa magazi. Ku Ulaya matendawa ndi osowa ndipo amagwira okalamba kwambiri, koma m'mayiko ambiri a mu Africa ali m'gulu la zifukwa zazikulu zotsekera matumbo a anthu akuluakulu, makamaka amuna a kumudzi a zaka zapakati, ndipo madokotala a opaleshoni a ku Kamuzu Central Hospital ku Lilongwe analembapo za kuchuluka kwake. Akatswiri ambiri amagwirizanitsa zimenezi ndi chakudya cha faiba wochuluka chimene chimatalikitsa thumbo pa zaka zambiri, makamaka pamene munthu amadya kamodzi kokha pa tsiku koma chakudya chambiri zedi. Chibadwa cha thumbo la munthu nacho chili ndi mbali yake. Zizindikiro zake n'zosasokoneza: mimba imatupa mofulumira n'kulimba ngati ng'oma, ululu umakula, chimbudzi ndi mpweya womwe zimaleka kutuluka, ndipo pambuyo pake munthu amayamba kusanza. Thumbo lopanda magazi limayamba kuola m'maola ochepa. Wodwala wotere asapatsidwe mankhwala otsegula m'mimba, a kusitolo kapena azitsamba, ndipo asadikire kuti kuche kawiri. Afulumire naye kuchipatala chimene chimachita opaleshoni, monga cha Ulongue kapena chipatala chachikulu cha chigawo mumzinda wa Tete.

Mimba ya mwana

M'maganizo mwanga, vuto lalikulu koposa la faiba wochuluka m'chigawo chino silimveka ululu, ndipo n'chifukwa chake limanyalanyazidwa. Limachitika m'mbale ya mwana wa miyezi 6 mpaka zaka ziwiri. Chifu cha mwana wa miyezi 6 mpaka 8 chimalandira mamililita pafupifupi 250 pa nthawi imodzi, ndipo cha mwana wa chaka chimodzi chimaposa pamenepo pang'ono chabe. Komatu pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake, mwanayu amafuna mphamvu ndi michere yambiri kuposa bambo ake amene amalima. Kuwonjezera pa mkaka wa m'mawere, WHO imawerengera kuti mwana wa miyezi 6 mpaka 8 amafuna mphamvu yokwana makalori 200 pa tsiku kuchokera ku chakudya china, wa miyezi 9 mpaka 11 makalori 300, ndipo wa miyezi 12 mpaka 23 makalori 550. Malo ndi ochepa, zofunika n'zambiri, choncho supuni iliyonse iyenera kunyamula kanthu.

Taonani zimene zimachitika pakhomo pamene mayi waphika phala la mgaiwa lamadzimadzi kuti mwana amwe mosavuta, masana n'kumupatsa kambamu ka nsima koviika mu msuzi wa masamba, madzulo chimodzimodzi. Mwanayo amadya mpaka kukana yekha, kamimba kali tantha, ndipo mayi amakhutira kuti mwana wakhuta. Wakhutadi, koma chimene chadzaza mimbayo kwambiri ndi madzi ndi zosagayika, ndipo faiba amachititsa kuti njala ichedwe kubwerera, motero mwanayo safunanso chakudya kapena bere msanga. Kusiyana kwa zakudya pa nkhani ya mphamvu n'kwakukulu kuposa mmene ambiri amaganizira. Kapaketi ka chiponde kamene amapereka kuchipatala kwa ana onyentchera kamalemera magalamu 92 okha koma kali ndi makalori 500. Kuti munthu apeze makalori omwewo kuchokera ku kabichi, ayenera kudya makilogalamu awiri.

Pali chinthu chinanso chimene chimayenda limodzi ndi faiba mu chimanga, mapira ndi nyemba, chotchedwa phytate. Icho si faiba, koma chimakhala m'mbali zomwezo za mbewu zimene timasunga tikagayitsa mgaiwa, makamaka mu mtima wa njere ya chimanga. M'matumbo, phytate amagwira ayironi, zinki ndi kashiamu n'kutuluka nazo m'chimbudzi thupi lisanaziyamwe. Kwa munthu amene amadyanso nyama, nsomba ndi mazira kawirikawiri, zimenezi zilibe kanthu kwenikweni. Kwa mwana kapena mayi woyembekezera amene pafupifupi chakudya chake chonse ndi chimanga, nyemba ndi masamba, kutayika kumeneku kumawonjezera kuchepa kwa magazi, kufooka kwa chitetezo cha thupi ndi kupinimbira. Kafukufuku wa dziko lonse wa 2022 mpaka 2023 anapeza kuti ana 37 pa 100 alionse osakwana zaka zisanu mu Mozambique ndi opinimbira, ndipo wa 2011 anapeza kuchepa kwa magazi mwa ana 69 pa 100 ndi mwa amayi 54 pa 100. Zifukwa zake n'zambiri, kuphatikizapo malungo, njoka za m'mimba, kutsegula m'mimba ndi umphawi weniweniwo, ndipo kungakhale kulakwa kuloza chala mgaiwa wokha. Koma n'zomvetsa chisoni kuti Angónia ndi Tsangano, nkhokwe za chimanga, nyemba, mbatatesi ndi kabichi zimene zimadyetsa mizinda, nawonso ali ndi ana opinimbira, ndipo zimenezi zimasonyeza kuti kudzaza nkhokwe ndi kudzaza mimba sikukwanira pakokha.

Wina angaganize kuti yankho ndi kubwerera ku ufa woyera. Ayi. Kukonola, kuviika mphale ndi kusinja kumachotsadi phytate wambiri, koma pamodzi naye kumapita mafuta a mu mtima wa chimanga, mavitamini a gulu la B, ndi gawo lalikulu la ayironi ndi zinki zomwezo. Boma linalamula mu 2016 kuti ufa wa chimanga ndi wa tirigu wopangidwa m'mafakitale uziwonjezeredwa michere, koma ufa umene banja lagayitsa lokha pa chigayo cha m'mudzi ulibe zowonjezerazo. Njira yabwino ili m'zinthu zimene agogo athu ankachita kale. Christine Hotz ndi Rosalind Gibson, amene anachita kafukufuku pa chimanga cha ku Malawi, anasonyeza mu 2001 kuti kuviika ufa kapena chimanga chosinja m'madzi n'kutaya madziwo kumachotsa pafupifupi theka la phytate. Kusasitsa, monga timachitira pokonza thobwa, ndi kumeretsa mbewu kuti zikhale chimera, nakonso kumamuchepetsa. Chimera chili ndi ntchito inanso yofunika kwambiri kwa mwana: kasupuni ka ufa wake kakathiridwa mu phala lolimba likadali lofunda, phalalo limasungunuka lokha popanda kuthira madzi, ndipo likawiritsidwanso pang'ono mwana amamwa chinthu chofewa koma chonyamula ufa wambiri.

Pamwamba pa zimenezi, phala la mwana liyenera kulandira nsinjiro, kasupuni ka mafuta ophikira, dzira, kapena ufa wa kapenta wa ku Cahora Bassa wosinja bwino. Nsomba ndi nyama, ngakhale zochepa, zimabweretsa ayironi ndi zinki zimene thupi limayamwa mosavuta. Nyemba za mwana wamng'ono zichotsedwe makoko n'kupotedwa ngati chipere, ndipo masamba akhale anthete ndi ophwanya bwino. Apatsidwe zenizenizo, osati msuzi wokha. Vitamini C wa mu gwafa wochotsa njere, mango, masau ndi malambe amathandiza thupi kuyamwa ayironi wa m'zomera akadyedwa pa nthawi ya chakudya, pamene tiyi amachita zosiyana ndi zimenezo, choncho asamaperekedwe kwa ana aang'ono ndipo akuluakulu azimwa patapita nthawi atadya.

Zaka za njala zimakulitsa zonsezi. Mvula ikavuta, monga zinachitikira ndi chilala cha El Niño mu 2024, mabanja ena amafika pogula madeya, amene zaka zabwino amadyetsa nkhumba ndi nkhuku, n'kuwagayitsa kuti aphike nsima. Khungu lenileni la njere ya chimanga ndi faiba kuposa magawo atatu mwa anayi, motero nsima ya madeya imadzaza mimba koma mphamvu zake n'zochepa, ndipo ana amatupa mimba kapena kutsegula m'mimba. Komanso poizoni wa chuku, monga aflatoxin ndi fumonisin, amaunjikana kwambiri m'gaga kuposa m'kati mwa njere. Palibe amene amadya madeya mwa kufuna kwake, koma pamene banja lili ndi ufa wabwino wochepa, uyenera kuyamba wapita kwa ana aang'ono, amayi oyembekezera ndi oyamwitsa, ndi odwala.

Odwala ndi amene akumwa mankhwala

Faiba wochuluka, makamaka wa ufa wogula kapena gaga wothira dala m'chakudya, angachepetse kapena kuchedwetsa kulowa kwa mankhwala ena m'thupi. Odziwika bwino ndi levothyroxine wa matenda a chithokomiro, digoxin wa mtima, carbamazepine wa khunyu ndi lithium wa matenda a maganizo, ndipo langizo lake ndi kusiyanitsa mankhwalawo ndi ufa wa faiba ndi maola osachepera awiri. Mapiritsi owonjezera magazi amene amayi oyembekezera amalandira kusikelo nawonso salowa bwino akamwedwa ndi tiyi kapena ndi phala la gaga wambiri. Ndipo popeza mapiritsiwa amadzimbitsa paokha, mayi ayenera kuwonjezera madzi ndi zipatso, osati kuwasiya. Wodwala shuga amene akubaya insulin kapena kumwa mapiritsi otsitsa shuga adziwe kuti kusintha kwakukulu kwa chakudya kungatsitse shuga kupitirira muyeso, ndipo ndi bwino kuuza wachipatala asanayambe. Ena amene akhala ndi shuga zaka zambiri amafooka minyewa ya chifu, kotero kuti chakudya chimachedwa kutuluka; amakhuta atangodya pang'ono, amachita mseru, nthawi zina amasanza chakudya cha dzulo. Amenewa madokotala amawalangiza kuchepetsa gaga, makoko ndi masamba olimba, ngakhale kuti odwala shuga ena onse amauzidwa kuti awonjezere. Chimodzimodzinso amene angochitidwa kumene opaleshoni ya m'mimba, amene thumbo lawo linapanikizika ndi zipsera, ndi okalamba kapena odwala TB amene akuwonda ndipo chilakolako cha chakudya n'chochepa: malo ochepa a m'mimba mwawo ayenera kupita ku chakudya champhamvu.

Kwa munthu wamkulu wa m'tauni amene alibe mavuto amenewa, kuwonjezera faiba n'koyenera, ndipo kuchitike mwapang'onopang'ono. Angayambe ndi kusakaniza mgaiwa pang'ono mu ufa woyera, n'kumawonjezera mlungu ndi mlungu. Nyemba ziyambe ndi theka la kapu. Zipatso zigawidwe pa tsiku lonse m'malo mozidya zonse nthawi imodzi. Ndipo madzi akwere limodzi ndi chakudyacho. Chakudya chenicheni n'chabwino kuposa ufa wa m'mabotolo, chifukwa chimabwera ndi madzi ake ndi michere yake, ndiponso n'kovuta kuchidya mopitirira muyeso. Mimba ikafufuma, abwerere pa mlingo wa mlungu wapitawo kwa masiku angapo asanapitirize. Koma ngati kudzimbidwa kapena kutsegula m'mimba kwatha milungu yoposa itatu, ngati m'chimbudzi muli magazi kapena chikutuluka chakuda bii, ngati munthu akuwonda popanda chifukwa, kapena ngati kayendedwe ka m'mimba kasintha mwadzidzidzi mwa munthu wa zaka zoposa 45, asaganize kuti ndi nyemba kapena mgaiwa. Zizindikiro zimenezi zingachokere ku zilonda za m'mimba, likodzo la m'matumbo, TB ya m'mimba kapena khansa, ndipo zimafuna kuyezedwa kuchipatala.